Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zantchito: Fumbi la Thonje Lagalasi ndi Chiopsezo cha Khansa kwa Amisiri Akumudzi

Mayani,
Dedza.

Olemekezeka Nduna ya Zantchito,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka Nduna,

Kalata iyi ikuchokera ku Mayani, m'mapiri a boma la Dedza, ndipo cholinga chake ndi kutula ku Unduna nkhani ya fumbi la thonje lagalasi, chipangizo chimene amisiri ambiri amangochitchula kuti faiba, chomwe chikugwiridwa ndi manja m'malo ang'onoang'ono ogwirira ntchito popanda chenjezo kapena chodzitetezera chilichonse. Mfundo yaikulu ya kalatayi ndi yakuti ngakhale akatswiri sanapeze umboni wokwanira wosonyeza kuti thonje lagalasi wamba limayambitsa khansa mwa anthu, pali mitundu ina ya ulusi wofanana nalo imene ikukayikiridwabe, ndiponso pali asibesitosi amene kuopsa kwake kunatsimikizika kalekale. Popeza mmisiri wa pa Mayani alibe njira yosiyanitsira zinthu zimenezi ndi maso, chitetezo chake chili m'manja mwa amene ali ndi mphamvu zokhazikitsa malamulo ndi kuwalondoloza.

Thonje lagalasi limapangidwa posungunula mchenga, magalasi osweka ndi miyala ina pa moto woposa madigiri 1,000, kenako galasi losungunukalo limazunguzidwa mwaliwiro m'makina okhala ndi timabowo tambirimbiri mpaka lisanduke tiulusi topyapyala, timene amatimata ndi utomoni kuti tikhale ngati bulangete lokhuthala, kawirikawiri lachikasu kapena lapinki. Ntchito yake ndi kutchinga kutentha, kuzizira ndi phokoso, pakuti mpweya wotsekeredwa pakati pa tiulusito sulola kutentha kudutsa msanga. Luso lolipanga lambiri nthawi imodzi linakula ku America m'zaka za m'ma 1930, makamaka ndi ntchito ya katswiri wotchedwa Games Slayter, ndipo kampani ya Owens-Corning, imene inakhazikitsidwa mu 1938, ndiyo inalifalitsa pa msika. Pali mtundu wina wa ulusi wagalasi, wautali ndi wolukidwa ngati nsalu, umene amaunyika m'rezini, utomoni wamankhwala umene ukauma umalimba ngati pulasitiki, ndipo mtundu umenewu ndi umene amapangira mathanki amadzi ndi mabwato komanso kukonzera mabampala a galimoto.

N'zosavuta kuganiza kuti nkhani ngati iyi ndi ya m'mafakitale a ku Kanengo ndi ku Makata okha, koma thonje lagalasi limafika kumidzi kudzera m'njira zimene maso a boma safikako kawirikawiri. Limabwera lili m'kati mwa makuka akale amagetsi, m'mafiriji a makedzana, m'mathanki otenthetsera madzi ndi m'masailensa ena a njinga zamoto, komanso ngati zidutswa zotsala pa ntchito za zomangamanga m'tauni. Kudera lozizira ngati Dedza, kumene chisanu cha June ndi July chimalowa mpaka m'mafupa, chinthu chilichonse chosunga kutentha chimakhala chamtengo wapatali, choncho wosula malata amene akupanga uvuni yophikira masikono, wopanga bokosi loswetsera mazira, kapena kalipentala amene akukhoma siling'i, sangataye chidutswa choterocho akachipeza.

Kagwiridwe kake ka tsiku ndi tsiku ndi kamene kakuyenera kuunikidwa. Mmisiri akamasula khoma la kuka yakale, amapeza bulangete lija litada ndi utsi ndiponso litafumbutuka chifukwa cha kutentha kwa zaka zambiri, ndipo amalizula ndi manja, kuling'amba, ndi kulikanikiza pakati pa malata awiri a uvuni yatsopano. Ntchitoyi ikamachitikira m'kachipinda kopanda mazenera, kuwala kolowera pakhomo kumaonetsa tinthu tonyezimira tikuyandama mumpweya kwa nthawi yaitali, pamene zotsala zimaseseredwa ndi tsache louma kupita kudzala kumene ana amakonda kutolako zoseweretsa. Pakutha pa tsiku mikono, khosi ndi m'chiuno zimayabwa ngati munthu wakhudza chitedze, maso amafiira, kukhosi kumakereketa, ndipo zovala zodzala ndi tiulusito zimakachapidwira pamodzi ndi za banja lonse. Kuyabwaku kumabwera chifukwa tiulusi tokulirapo timabaya khungu, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa. Amisiri ambiri amakhulupirira kuti kumwa mkaka pambuyo pa ntchito yafumbi kumatsuka m'chifuwa, koma mkaka umapita m'mimba pamene fumbi lapita m'mapapo, ndipo ziwirizi sizikumana.

Pa nkhani ya khansa, tiulusi todetsa nkhawa si timene timayabwa, koma tating'onoting'ono timene munthu sangatione kapena kutimva. Akatswiri amayeza tiulusi totere m'mamaikulomita, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Malinga ndi muyezo umene bungwe la World Health Organization limagwiritsa ntchito, kaulusi kamawerengedwa kuti kangathe kufika pakati penipeni pa mapapo ngati kunenepa kwake sikufika mamaikulomita 3, kutalika kwake kukuposa mamaikulomita 5, ndipo kutalikako kukuposa kunenepa kwake katatu. M'mapapo muli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zinyalala ndi kuzichotsa, koma kaulusi kakatalika kwambiri maselowo amalephera kukameza konse, ndipo kulimbana kosatha kumeneku kumabweretsa kutupa ndi zipsera zimene pakapita zaka zingasinthe maselo ena kukhala a khansa. Choncho kuopsa kwa ulusi uliwonse kumadalira zinthu zitatu, zomwe ndi kuchuluka kwa fumbi limene munthu wapuma, kukula kwa tiulusito, ndi kutalika kwa nthawi imene timakhala m'mapapo tisanasungunuke.

Pa mfundo yachitatuyi ndi pamene thonje lagalasi limasiyana kwambiri ndi asibesitosi. Asibesitosi ndi mwala wachilengedwe umene ukaphwanyika umang'ambika m'litali kukhala tiulusi topyapyala koposa, ndipo mitundu ina ya mwalawu imatha kukhala m'mapapo zaka makumi angapo osasungunuka. Galasi limathyoka chopingasa, kotero kuti kaulusi kamafupika m'malo mopyapyala, ndipo tiulusi ta thonje lagalasi lamasiku ano timasungunuka m'madzi a m'mapapo pakapita masabata kapena miyezi.

Mbiri ya kafukufuku pa nkhaniyi ikusonyeza kuti nkhawa inali ndi maziko. M'zaka za m'ma 1970, Mearl Stanton ku America ndi Friedrich Pott ku Germany anaika tiulusi tamitundumitundu m'matupi a makoswe, ndipo anapeza kuti tiulusi tatitali ndi topyapyala, ngakhale tagalasi, timatha kuyambitsa zotupa. Potengera zotsatira zotere, bungwe lofufuza za khansa la International Agency for Research on Cancer, limene limadziwika mwachidule kuti IARC ndipo likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, mu 1988 linaika thonje lagalasi m'gulu 2B, kutanthauza zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Pambuyo pake kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotsatira miyoyo ya ogwira ntchito m'mafakitale, wina wa anthu oposa 30,000 ku America motsogozedwa ndi Gary Marsh wa ku University of Pittsburgh, ndi wina wa anthu oposa 20,000 m'maiko a ku Ulaya, ndipo onsewa sanapeze mgwirizano wokhazikika pakati pa thonje lagalasi ndi khansa ya m'mapapo, makamaka ataganizira za kusuta fodya pakati pa antchitowo. Pachifukwa ichi, mu 2001 bungwe la IARC linatsitsa thonje lagalasi wamba, pamodzi ndi thonje lopangidwa ku miyala, kulowa m'gulu 3, la zinthu zimene umboni wake sukwanira kugamula.

Chigamulo cha 2001 chimamveka molakwika kawirikawiri, ndipo ndi bwino kuti Unduna uone malire ake. Gulu 3 silitanthauza kuti chinthu chatsimikizika kukhala chosaopsa, koma kuti umboni umene ulipo sukwanira kunena kuti chimayambitsa khansa. Komanso chigamulo chomwecho chinasiya m'gulu 2B mitundu iwiri, womwe ndi ulusi wagalasi wopyapyala kwambiri umene umapangidwira ntchito zapadera monga masefa a mpweya, ndi ulusi wadothi wopirira moto waukulu, umene umakutira m'kati mwa ng'anjo ndipo umaoneka ngati thonje loyera. Mu 2011 boma la America, m'lipoti lake la nambala 12 la zinthu zoyambitsa khansa, linasunga pa mndandanda mitundu ina ya thonje lagalasi imene imapumika ndi kukhalitsa m'mapapo. Maiko a European Union, kuyambira 1997, amachotsa chenjezo la khansa pa thonje limene wopanga wasonyeza poyeza kuti limasungunuka msanga m'thupi. Zonsezi zikutanthauza kuti m'maiko amenewa chitetezo chimadalira kudziwa mtundu weniweni wa ulusi, zaka zimene unapangidwa ndi zimene zalembedwa pa paketi, zinthu zimene mmisiri wozula thonje m'kuka ya zaka makumi atatu sangazidziwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mmisiri ameneyu ngakhale atafuna kufunsa, alibe womufunsa.

Palinso mankhwala ena oyendera limodzi ndi ulusiwu amene sayenera kuiwalika. Utomoni womatira thonje lagalasi lakale unkapangidwa ndi fomadihaidi, mankhwala amene IARC inawaika m'gulu 1, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ngakhale kuti kuchuluka kwake m'thonje louma kumakhala kochepa. Rezini imene okonza mabampala ndi mathanki amagwiritsa ntchito imatulutsa sitailini, mpweya wafungo lamphamvu lozunguza mutu, umene bungwe lomwelo linaukweza mu 2018 kufika m'gulu 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsadi khansa. Wokonza bampala amapuma mpweya umenewu posakaniza rezini, kenako amapumanso fumbi lake popala ndi sandipepa.

Dziko la Malawi lili ndi chifukwa chapadera chosachedwera pa nkhani za fumbi, pakuti ana ake analawapo kale zowawa zake. Kwa zaka zambiri amuna a m'dziko muno, kuphatikizapo a m'boma la Dedza, ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kufikira pamene ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 inachititsa boma kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo, ndipo ena anakagwira ntchito m'migodi ya ku Zimbabwe, kuphatikizapo ya asibesitosi ya ku Zvishavane ndi ku Mashava, kumene zidzukulu zawo zikukhalabe mpaka lero. Khansa ya chikopa chokuta mapapo, imene madokotala amaitcha mesothelioma ndipo gwero lake lalikulu ndi asibesitosi, imatha kuonekera patapita zaka 20 mpaka 50 kuchokera pamene munthu anapuma fumbilo, choncho wodwala amakhala atabwerera kumudzi kalekale, kutali ndi bwana amene anamulemba ntchito ndiponso kutali ndi dokotala wodziwa kulumikiza matendawo ndi mgodi. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, koma malata ndi mapaipi ake akadalipo pa nyumba zakale za m'chigawo chino cha Africa, ndipo m'zipangizo zakale zotenthetsera asibesitosi amatha kupezeka pamalo omwewo pamene mmisiri akuyembekeza kupeza thonje lagalasi.

Ulendo wa ku Joni sunathe, unangosintha maonekedwe. Achinyamata ambiri amene amapita ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town masiku ano amapeza maganyu a zomangamanga, ndipo kuyambira 2011, pamene dziko la South Africa linakhazikitsa malamulo a SANS 10400-XA ofuna kuti nyumba zatsopano zisamawononge mphamvu zamagetsi, kuyala zotchinga kutentha pamwamba pa siling'i kunakhala gawo la ntchito ya masiku onse. Ntchito imeneyi imachitikira m'malo opanikizika, otentha ndi osapita mphepo, kumene fumbi limachuluka kuposa pabwalo, ndipo waganyu wopanda mapepala oyenera sakhala ndi mphamvu yopempha masiki. Akabwerera ku Mayani amabwera ndi luso latsopano la ntchito, koma amabweranso ndi chizolowezi chogwira ntchitoyo osadziteteza, chimene amachiphunzitsa kwa anzake.

Kuyeneranso kukumbukiridwa kuti fumbili likulowa m'mapapo amene ali kale ndi katundu wolemera, monga utsi wa nkhuni ndi makala, fodya wa chingambwe, fumbi la simenti ndi la m'zigayo, ndiponso chifuwa chachikulu cha TB. Munthu wotsokomola kwa nthawi yaitali amayezedwa TB, monga kuyenera, koma zotsatira zikasonyeza kuti alibe, ulendo wochoka pa chipatala chaching'ono cha Mayani, kudzera pa chipatala cha boma ku Dedza, kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kumene kuli malo othandizira odwala khansa, ndi wautali ndi wodula kwa banja lodalira mbatata ya kachewere ndi nyemba. Khansa ya m'mapapo ikadziwika mochedwa imavuta kuchiza ngakhale m'maiko olemera, ndipo n'chifukwa chake mawu akuti kupewa kumaposa kuchiza ali ndi kulemera kwenikweni pa nkhaniyi.

Malamulo oti Unduna uimepo alipo kale. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza moyo ndi thanzi la antchito ake, pamene la Workers' Compensation Act la 2000 limakhudza chipukutamisozi kwa ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito. Mu November 2019 dziko la Malawi linavomereza mapangano nambala 155, 184 ndi 187 a bungwe la International Labour Organization okhudza chitetezo ndi umoyo pantchito, ndipo bungwe lomweli linasindikiza mu 2001 ndondomeko yapadera ya kagwiritsidwe ntchito kabwino ka thonje lagalasi ndi la miyala. Vuto ndi lakuti malamulowa amagwira bwino pamene pali bwana wodziwika ndi malo olembetsedwa, pamene mmisiri wa pa Mayani nthawi zambiri ndi bwana wa iye mwini, ndipo omuthandiza ake ndi aphwake kapena anyamata ophunzira ntchito amene sanalembedwe paliponse.

Choyamba, Unduna ukupemphedwa kugwirizana ndi Malawi Bureau of Standards kuti thonje lagalasi, ulusi wadothi ndi rezini zolowa m'dziko muno zizikhala ndi chizindikiro chonena mtundu wake ndi chenjezo lolembedwa m'Chichewa ndi m'zinenero zina za m'dziko muno, lokhala ndi zithunzi zoti wosadziwa kuwerenga athe kumva, ndiponso kuti oitanitsa katunduyu azionetsa umboni wa wopanga wosonyeza kuti ulusiwo ndi wosungunuka msanga m'thupi.

Chachiwiri, Unduna ukhazikitse malire omveka a kuchuluka kwa tiulusi mumpweya wa pantchito, potengera muyezo umene akatswiri ambiri amatsatira wa kaulusi kamodzi pa kiyubiki sentimita imodzi ya mpweya pa thonje lagalasi, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a muyezo umenewo pa asibesitosi, ndipo oyendera malo antchito apatsidwe zipangizo zoyezera ndi mayendedwe oti afikire m'misika yakumidzi.

Chachitatu, bungwe la TEVETA ndi bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga aike phunziro la fumbi ndi ulusi m'maphunziro a akalipentala, owotcherera, amakanika ndi okonza mafiriji, kuphatikizapo amene amaphunzira ntchito pamanja, pakuti zofunika kudziwa ndi zochepa ndi zotsika mtengo. Thonje lidulidwe ndi mpeni wakuthwa osati kung'ambidwa kapena kuchekedwa ndi sowo, ntchito ichitikire popita mphepo, pansi pawazidwe madzi posesa, zotsala zimangidwe m'thumba ndi kukwiriridwa kumene ana safika, wogwira ntchito avale malaya amanja aatali, magolovesi, magalasi amaso ndi masiki ya mtundu wa FFP2 kapena N95 pakuti kansalu wamba sikagwira tiulusi tating'ono, asambe ndi madzi ozizira osakanda khungu, ndipo zovala zantchito zichapidwe pazokha. Koposa zonse, chotchinga chilichonse chakale, choyera kapena chotuwa, chimene mtundu wake sukudziwika, chitengedwe ngati asibesitosi kufikira chitayezedwa.

Chachinayi, Unduna ukambirane ndi Unduna wa Zaumoyo kuti wodwala aliyense wa chifuwa chokhalitsa azifunsidwa ntchito zimene wagwirapo, kuphatikizapo za kunja kwa dziko, ndipo yankho lake lizilembedwa m'buku lake lakuchipatala ndi kufika ku kaundula wa khansa wa dziko lino, chifukwa matenda amene sanalembedwe sangapezeke m'chiwerengero, ndipo amene sali m'chiwerengero sangalandire chipukutamisozi. Khonsolo ya Dedza, mafumu, makomiti a misika ndi mawailesi a m'madera ndi njira zimene zilipo kale zofikitsira uthengawu kwa eni ake.

Walira mvula walira matope, ndipo chitukuko chimene chikubweretsa magetsi, mafiriji, njinga zamoto ndi nyumba za siling'i ku Mayani chikubweretsanso fumbi limene makolo sankalidziwa. Palibe chifukwa choopsezera anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito thonje lagalasi, pakuti likagwiridwa bwino ndi lothandiza, ndipo ndi labwino kwambiri poyerekeza ndi asibesitosi amene linalowa m'malo mwake. Chimene amisiri a ku Mayani ndi a m'misika ina yakumidzi akufuna ndi kudziwa chimene agwira m'manja, kupeza masiki yoyenera pa mtengo woti angakwanitse, ndi kuona woyendera ntchito wa boma akufika pamene iwo ali. Unduna ukupemphedwa mwaulemu kuti uyambe ntchitoyi tsopano, pamene amene akupuma fumbili akadali anyamata athanzi.